Ndolo ndi mphete za maluwa a Monet, patha miyezi tsopano ndikuzivala

Nde anzanga amene munkafunsa kuti zinthu zija zikadali bwinobwino, yankho lake lili pawiri, ndolo eya, mphete ayi kwenikweni. Kwa amene simukudziwa, ndi ndolo ndi mphete za golide wa 18 karat zomwe anandipangira mmisiri wina wa ku Jewellery Quarter ku Birmingham, motengera zithunzi za maluwa a pamadzi zomwe Claude Monet, katswiri wojambula zithunzi wa ku France, ankajambula pa dziwe la kunyumba kwake ku Giverny. Mkati mwa mphete muli kachidindo ka 750 ndi kanangula ka Birmingham, kutanthauza kuti golideyo anamuyeza ndithu, pa magawo 1000 aliwonse 750 ndi golide weniweni.

Ndiyambe ndi ndolo chifukwa ndi zomwe zandigwira mtima. Zili ndi enamel ya mtundu umene amati plique-à-jour, ndi galasi lopera kukhala ufa lomwe amaliika m'timipata ta golide nkuliotcha pa moto wa madigiri pafupifupi 800, ndipo kumbuyo kwake kulibe chitsulo chotchinga, kuwala kumangodutsa. Ndiye mtundu wake sukhala umodzi. Mmawa kukakhala mitambo ngati mmene kumakhalira kuno masiku ambiri zimaoneka zabuluu wozizira, pang'ono ngati phulusa, dzuwa likatuluka kobiriwira kaja kamadzuka mpaka kamaonekera pakhosi panga, madzulo pa magetsi a m'nyumba nde kapinki ka duwa lija kamene masana sukaona nkomwe kamatulukira. Mnzanga wa kuntchito anandifunsa kuti ndili nazo mapeyala angati, sanakhulupirire kuti ndi zomwe zija.

Apa ndi pamene ndinaona kuti mmisiriyu anamumvetsa Monet. Zambiri zomwe amagulitsa m'mashopu a ma museum zimangokhala kachithunzi kosindikiza pa chitsulo basi, duwa lilipo koma lakufa. Chonsecho Monet nkhani yake sinali duwa, inali kuwala, nchifukwa chake tchalitchi cha ku Rouen anachijambula maulendo oposa 30 pa nthawi zosiyanasiyana za tsiku, ndipo za dziwe lija anajambula pafupifupi 250. Amene munafikako ku Musée de l'Orangerie ku Paris mukudziwa zipinda ziwiri zozungulira zija zokhala ndi zithunzi zake za dziwelo, zomwe anatsegula mu 1927, Monet atamwalira mu December 1926, kuwala kumalowera kudenga ndipo zithunzizo zimasintha ndi nyengo ya panja. Ndolo zangazi zimachita zomwezo, pang'ono chabe koma zimachita.

Pa kulimba, ndolo sizinasinthe olo pang'ono, palibe mng'alu, tingowe take sitinapindike, ndipo nzopepuka moti khutu silitopa.

Mphete, yomwe nayonso ili ndi enamel, nde yavutika. Dzanja limagunda chilichonse, mpopi wa pasinki, chitseko cha galimoto, makiyi m'chikwama, ndipo galasi ndi galasi basi. M'mbali mwa tsamba limodzi mwabenthuka kachidutswa kochepa ngati njere ya mchenga, munthu wina sangaone koma ine chala changa chimakapeza nthawi zonse ndipo zimandiwawa mumtima zoona. Nditapita nayo kwa mmisiri uja anandiuza chilungamo kuti kukonza enamel si kumata, afunika achotse kaye timiyala tobiriwira ta pampheteyo totchedwa tsavorite nkuibwezanso pamoto, ndipo mtundu utha kutuluka wosiyanako ndi poyamba. Ndinaisiya choncho. Anangomanga kadzino kamodzi kogwira mwala kamene kanayamba kugwedera, sanandilipiritse.

China chomwe palibe anandiuza ndi mafuta odzola. Amalowa kuseri kwa miyala ndi m'timakona ta enamel, pakangopita masabata mphete yonse imaoneka ngati yachita nkhungu, kuwala kuja kuthawa. Madzi ofunda, sopo wotsukira mbale dontho limodzi, mswachi wofewa wa ana, nkupukuta ndi kansalu kofewa, imabwerera mwakale. Makina aja otsukira zodzikongoletsera otchedwa ultrasonic musayerekeze, komanso madzi otentha kwambiri ayi. Golide yekha wakalikakalika pansi pa chala koma zimenezo sizindidandaulitsa, 18 karat ndi wofewerapo, zimayembekezeka.

Mtengo unali wowawa, sindinama, ndinasunga nthawi yaitali. Pa ndolo ndalama ija sindiidandaula ngakhale pang'ono ndipo nditapeza ina ndingapangitsenso kapendanti ka pakhosi ka mtundu womwewo, poti pachifuwa sipagundagunda. Koma wina akandifunsa za mphete ya enamel yovala tsiku ndi tsiku, makamaka ngati mumachapa, kuphika kapena kugwira ntchito ya chisamaliro ngati ine yosamba m'manja kambirimbiri, ndimuuza kuti asankhe ya miyala yokhayokha, masafaya abuluu ndi apinki osakaniza ndi tsavorite amabweretsabe mitundu ya dziwe lija ndipo amapirira. Yangayi pano ndimaivala Lamlungu ndi kuukwati basi.