Maphunziro a gitala ndi kiyibodi ku Ulongwe: ndemanga ya kholo

M'tauni ya Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, muli bambo wina wachikulire amene amaphunzitsa gitala ndi kiyibodi m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo, ndipo mwana wanga amapita kumeneko masiku awiri pa sabata. Makolo ena amadandaula kuti amalipira mwezi ndi mwezi koma ana sabwera ndi nyimbo ngakhale imodzi yoti n'kuimba paukwati. Dandaulolo ndi loona, koma ine ndikuona kuti kuchedwako ndiko tikulipirira.

Wophunzira gitala amayamba ndi kuchuna nsambo zisanu ndi imodzi zija, E, A, D, G, B ndi E, ndipo saloledwa kudalira foni pochuna mpaka khutu lake litayamba kuzindikira lokha nsambo imene yatsika. Akafika pa makodi (kuliza nsambo zingapo pamodzi), aphunzitsiwa amatchera metronome, kachipangizo kogunda kosungitsa nthawi, pa kugunda 60 pa mphindi, ndipo sakweza liwiro ngati chala chimodzi chikadatsamira nsambo yoyandikana nayo. Chifukwa chake n'chakuti zala zimasunga chilichonse chimene zabwereza, cholondola ndi cholakwika chomwe, kotero mwana wothamanga amakhala akuloweza zolakwa zake, zimene pambuyo pake zimavuta kuzula. Amalamulanso kuti mwana aziyeserera mphindi 20 tsiku lililonse m'malo mwa maola atatu Loweruka lokha, popeza nsonga za zala zimalimba pang'onopang'ono ndipo zimafewanso zikapuma nthawi yaitali.

Chimene ndimachiyamikira koposa ndi mmene amaphunzitsira kumvetsera. Tonse tikudziwa kuti m'makwaya athu mayi wotsogolera amayamba nyimbo pamene mawu ake afika, osati pamene woimba kiyibodi wakonzekera. Achinyamata ambiri amathawira ku batani la transpose, limene limakweza kapena kutsitsa mawu a kiyibodi, n'kumaimba nyimbo zonse mu kiyi ya C, koma bambowa analimata batanilo ndi tepi. Iwo amayamba nyimbo ndi pakamwa mwadzidzidzi, wophunzira n'kusaka kiyi yake, kenaka n'kutsatira osaphimba mawu a woimbayo. Pamapeto amajambula phunzirolo pafoni kuti mwana adzimve yekha ndi kutchula pamene wasochera iwo asanamuuze, ndipo mwana amene wazolowera zimenezi sakwiya akadzudzulidwa.

Zofooka zilipo. Kiyibodi ndi imodzi yokha, ya makiyi 61, choncho ana amadikirana, ndipo magetsi akathima phunziro limathera pomwepo. Nsambo ikaduka kholo limagula lokha, ndipo zabwino nthawi zambiri timaitanitsa ku Tete kapena kwa amene akuwoloka malire a Calomue kupita ku Malawi. Chondikhumudwitsa kwambiri n'chakuti amaphunzitsako marrabenta, mtundu wa nyimbo za ku Maputo, koma sakhudza konse zakwathu kuno, ngakhale kuti ng'oma za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ndiponso zitoliro za Anyungwe zotchedwa nyanga, momwe aliyense amaliza mawu ake ochepa polowana ndi anzake, zikanaphunzitsa ana kusunga nthawi kuposa metronome ija.

Amene akufuna kulowa bandi mwezi wamawa asataye ndalama zake kumeneku. Kholo la mwana amene angapirire chaka chathunthu limulembetse, koma liyambe lamupezera gitala yakeyake, ngakhale yogwiritsidwa kale ntchito, chifukwa aphunzitsiwa sabwereketsa zida zopita nazo kunyumba.