Kwa a Meja ophunzitsa kukwera hatchi ku Senga Bay

Ambiri mwakhala mukundifunsa za chithunzi chija mwana wanga ali pa hatchi, ndiye ndingofotokoza kamodzi. Malowa ali mumsewu wa ku Senga Bay mukachoka pa Salima boma, ophunzitsa ndi bambo ena achikulire amene anali msilikali koma anapuma, aliyense amangoti a Meja. Mahatchi alipo ochepa koma onenepa, ubweya wake kuchita kunyezimira.

Ine ndinkaganiza kuti tikangofika mtsikana wangayu akwera nkuyamba kuthamanga, koma ayi, tsiku loyamba lonse linathera kupesa hatchi, kuchotsa timiyala kuziboda, kumanga chishalo ndi kukhala mowongoka basi. Mtima unandipweteka ndithu mpaka ndinafunsa kuti achikulire, ndalama talipirazi ndi zopesera? Iwo anangoti mayi dikirani, hatchi imamvera miyendo ndi m'chiuno mwa wokwerayo, si ng'ombe ya pangolo yoti mpaka chikwapu. Ndipo zoona, masabata onsewa sindinawaonepo akumenya kapena kukalipira hatchi, ngakhale mwana.

Zomwe amaphunzitsa ndi dressage, masewera oyendetsa hatchi mwaluso ndi mwadongosolo m'bwalo. Bwalo lake ndi lamchenga, mamita 20 mulifupi 40 mulitali, m'mbali muli zilembo A, K, E, H, C, M, B, F zolembedwa pa zigubu, ndiye iwo amakhala pa C ndi kope lawo ngati jaji wa mpikisano weniweni nkumapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10. Mwana wanga anamuuza kuti azungulire, anamupatsa 5 chifukwa mzere unatuluka ngati dzira, ndipo anamufotokozera bwinobwino kuti amakoka chingwe chamkati kwambiri mwendo wakunja nkuuiwala. Sakondera, ngakhale mwana atafuna kulira.

Chomwe chinandigwira mtima ndi nkhani imene anamuuza popuma. Masewerawa anachokera kwa asilikali apakavalo, ku Olympics analowa mu 1912 ku Stockholm ndipo ankaloledwa ndi maofesala a usilikali okha, akazi anadzayamba mu 1952 ku Helsinki. Chaka chomwecho Lis Hartel wa ku Denmark, amene miyendo inalumala ndi poliyo moti ankachita kumukweza pa hatchi, anapata mendulo ya siliva. Mwana anangoti kukamwa yasa, mpaka kunyumba nkhani inali yomweyo.

Zofunika kukonza zilipo. Mahelimeti ndi ochepa ndipo ena ndi aakulu kwa ana, izi sizoseweretsa. Makolo tilibe pamthunzi pokhala, ndiye dzuwa la Salima mukulidziwa, pitani 6 koloko mmawa mutenge madzi ndi chipewa, mwana avale thalauzi ndi nsapato zotseka. Mtengo nawo ndi wowawa kwa ife a malipiro a pamwezi, ngakhale ndikaona chakudya ndi mankhwala a mahatchiwo ndimamvetsa.

Loweruka tikupitanso, mwanayu akuti sagona mpaka apeze malikisi 7.