Kebulo ya handibuleki ya MGB: yoitanitsa, yodulira kapena yakale yomweyo?

Anzanga osunga magalimoto akale, MGB yanga ya 1972 inafika poti ndikaimika pamtsetse pa Boma la Mchinji, mwana amayamba watsika kukafuna mwala woika kunsi kwa tayala. Handibuleki sinkagwiranso, ndipo njira zoikonzera zinalipo zitatu.

Yoyamba ndi kuitanitsa kebulo yatsopano ku England, kwawo kwa galimotozi. Zinkapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo zipangizo zake zikugulitsidwabe. Kebulo yotere imalowa popanda kudula kapena kuwotcherera, koma poitanitsa musangoti "ya MGB" basi. Ekiselo yakumbuyo ya galimoto ya matayala a masipoko ndi yofupikirapo kusiyana ndi ya malimu achitsulo, komanso ekiselo ya mtundu wakale wotchedwa banjo si yofanana ndi ya mtundu wa Salisbury imene inabwera pambuyo pake. Mukalandira yaitali, mumanga nati mpaka mazinga kutha, chogwirira cha handibuleki chikungokwerabe. Kuonjezera apo pali msonkho, kusowa kwa ndalama zakunja ndi masabata odikira.

Yachiwiri ndi imene amakaniko athu amathamangira: kupeza kebulo ya Toyota, konkuno kapena kudutsa pa Mwami kukaigula ku Chipata, n'kuidulira. Ndi yotchipa, tsiku lomwelo mwanyamuka. Ine ndinaiyesa, sindidzabwerezanso. Pamafunika kuti waya wamkati atulukire chikuta chake pa muyezo woyenera, ndipo zimenezi sayeza ndi maso. Kenako moto wowotcherera nsonga umafooketsa timawaya. Yanga inadukira pomwepo, mwamwayi ndili pakhomo.

Yachitatu ndiyo ndikadayambira, chifukwa kebulo yakale inalibe mlandu. Kwezani kumbuyo pa jeke, ikani zochirikiza, tsitsani handibuleki. Yambani ndi mashu a buleki a m'dramu, osati kebulo: tembenuzani kachitsulo ka ngodya zinayi kakuseri kwa mbale ya buleki mpaka tayala litagwira, ndiye mubweze pang'ono lizizungulira. Mukatero yang'anani kachitsulo ka pa ekiselo kogawira mphamvu matayala onse awiri. Fumbi lathu la mu Okutobala likasakanikirana ndi matope a dzinja, kamauma gwa, tayala limodzi n'kumagwira, linzake likungoyenda. Kanga ndinachita kukamasula ndi mafuta ndi hamala. Mapini olumikiza kebulo ku mawilo nawo amadyeka, ndipo kadyekedwe kakang'ono pamenepo kamakweza chogwirira mano angapo. Ngati kebulo yanu ili ndi kabowo kopopera girizi, popani mpaka wakuda atuluke.

Nati ya kebulo ndi yomalizira. Kokani chogwirira pa dzino lachitatu, mangani nati mpaka tayala lililonse lizitembenuka movutikira ndi manja awiri, ndipo mukatsitsa onse azizungulira momasuka.

Yoitanitsa ndingailipire pokhapokha timawaya tayamba kuthothoka kapena chikuta chasweka. Pakadali pano yakale ija inabwerera m'malo mwake, ikugwira pa dzino lachinayi, ndipo mwala uja tikuphwanyira mtedza.