Clonezilla, ddrescue ndi rsync: Ndi iti yomwe imakubwezerani deta diski ya 4 TB ikafa

Anzanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi: backup (kope losungira deta padera) ya diski yaikulu tizipanga ndi chiyani? Kale ndinkayankha poona pulogalamu yomwe imakopera msanga. Ndinasintha maganizo diski yanga ya 4 TB itayamba kugogoda ngati wotchi, kenako n'kuzimiratu. Panopa ndimafunsa chinthu chimodzi: kubwezeretsa kukalephera pakati, mumatsala ndi chiyani m'manja?

Ndinali nditagula pulogalamu ina yolipira, sindiitchula dzina. Inkapanga image imodzi yaikulu, ndiye kuti fayilo yosunga kope la diski yonse, ndiye sabata iliyonse n'kumawonjezera tizidutswa ta zomwe zasintha. Ikamaliza inkaonetsa kachizindikiro kobiriwira, ine mtima m'malo. Tsiku la tsokalo ndinalumikiza diski yatsopano, ndinayamba kubwezeretsa madzulo, n'kukagona. M'mawa ndinapeza yaima pa 81%, ndi uthenga wa mzere umodzi wakuti fayilo ndi yowonongeka. Sinanene kuti yawonongeka pati. Panalibenso batani lopitiriza. Ndinayambiranso, inaimanso pomwepo. Kachitatu ndinasintha chingwe cha USB, zinali chimodzimodzi.

Muziwerengera nthawi yake. Diski ya 4 TB pa liwiro la 150 MB pa sekondi imafuna maola oposa 7. Mukalumikiza pa USB 2.0, yomwe siipitirira kwenikweni 35 MB pa sekondi, ndi maola oposa 30. Ndiye kuyesa kulikonse kunkandidyera usiku wathunthu. Chomwe chinandiwawa kwambiri n'chakuti deta yanga yonse inali m'fayilo imodzi ya pafupifupi 3 TB, yopanikizidwa, yomwe pulogalamu ina iliyonse sikanatha kuiwerenga. Nditafuna kubwezeretsa pa kompyuta ina kuti ndione ngati vuto ndi makinawo, ndinauzidwa kuti zimenezo zimafuna layisensi yapamwamba. Ndalama ina, panthawi yomwe munthu sungakane. Ndinazindikiranso mochedwa kuti mbali yoyesa backup ikatha kulembedwa inali yozimitsa chiikireni pulogalamuyo. Kachizindikiro kobiriwira kaja kankangotanthauza kuti kulemba kwatha, osati kuti zolembedwazo ndi zabwino.

Gwero la vutolo ndinalipeza ndi Memtest86+, pulogalamu yoyesa RAM, memori yomwe deta imadutsamo kompyuta ikamagwira ntchito. Pasanathe mphindi 20 sikirini inadzaza mizere yofiira: RAM imodzi inali yodwala, ndipo inkaipitsa deta ikamadutsa. Ngati kubwezeretsa kwanu kukuima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, kayikirani image yeniyeniyo kapena diski yomwe yasunga imageyo, ndipo diskiyo ifunseni ndi smartctl, pulogalamu yoonetsa thanzi la diski. Ngati kukuima pamalo osiyanasiyana, kayikirani chingwe, magetsi a kabokosi ka USB, kapena RAM ya kompyuta yomwe mukubwezeretserapo.

Tsopano tiyerekeze.

Clonezilla ndi yaulere, inachokera ku Taiwan, ndipo ndimaipatsa ulemu chifukwa siibisa zofooka zake. Mkati mwake imagwiritsa ntchito pulogalamu yokopera yotchedwa partclone, choncho imakopera malo okhawo omwe muli deta. Image imaidula m'zidutswa zothera ndi .aa, .ab, .ac, zomwe zimathandiza ngati mukusungira pa diski yofomatidwa ndi FAT32, pomwe fayilo imodzi singafike 4 GB. Koma musanyengeke ndi zidutswazo. Ndi mtsinje umodzi wopanikizidwa umene wangodulidwa, ndiye chidutswa chimodzi chikaola, partition yonseyo (chigawo cha diski) imavuta kuyambira pamenepo. Ikalephera pakati mumayambiranso pachiyambi, ngati mmene zinandichitikira ine. Ubwino wake ndi wakuti partition iliyonse ili ndi mafayilo akeake, ndipo imakufunsani poyera ngati mukufuna iyese image ikangoipanga. Vomerani nthawi zonse, ngakhale maola awonjezekere.

Pomwe anthu ambiri amakodwa ndi Clonezilla ndi kukula kwa diski. Imafuna kuti komwe mukubwezeretsera kukhale kofanana kapena kokulirapo. Diski yatsopano ikachepa ndi ma MB ochepa chabe, imakana. Pali njira yomwe mungasankhe, yotchedwa -icds, yomwe imadumpha kuyeza kumeneko, koma siichepetsa partition. Ngati partition yomaliza sikukwana, mwangosunthira vutolo kutsogolo. Komanso siipanga backup ya zosintha zokha, ndipo partition iyenera kukhala yosagwiritsidwa ntchito pokopera.

Mavuto ena awiri sasankha pulogalamu, amagwira image ya mtundu uliwonse. Loyamba ndi MBR, njira yakale yogawira diski m'ma partition, yomwe pa ma sector (tizigawo ting'onoting'ono tolembamo deta) a 512 bytes imathera pa 2 TB. Mukabwezeretsa image ya diski yakale ya MBR pa diski ya 4 TB, theka la malo limangokhala osagwiritsika mpaka mutasinthira ku GPT, njira yatsopano yogawira diski. Lachiwiri ndi lobisika kwambiri. Timabokosi tina ta USB timaonetsa diski ngati ya ma sector a 4096 bytes pomwe yokha ndi ya 512. Mumabwezeretsa bwinobwino kudzera m'kabokosiko, pulogalamu n'kunena kuti zatheka, koma mukaika diskiyo mkati mwa kompyuta ma partition saoneka. Deta ilipo, kungoti manambala a malo ake akuwerengedwa ndi muyezo wina. Musafulumire kufomata. Lembani fdisk -l muone kukula kwa sector mbali zonse ziwiri.

Za dd, pulogalamu yakale yokopera diski pa Linux, sinditaya nthawi. Imakopera chilichonse, ndi malo opanda kanthu omwe, ndipo ikakumana ndi sector yoipa imaima pokhapokha mutaiuza conv=noerror,sync.

GNU ddrescue ndiyo ndimaikonda, ndipo sindibisa. Imasunga kafayilo kotchedwa mapfile komwe imalembamo malo omwe yawerenga, omwe yalephera, ndi omwe sinafikepo. Chingwe chikasolotoka pa ola lachisanu ndi chimodzi, mumalumikizanso, kulemba lamulo lomwelo, iyo n'kupitiriza pomwe inalekezera. Imayamba yatenga malo abwino onse, kenako n'kubwerera kukalimbana ndi oipa. Ndi imene inandipulumutsa. Diski yogogoda ija inadzukanso patapita masiku, ndipo ddrescue inakokamo pafupifupi zonse m'masiku awiri, ndikuyang'ana mzere wa zomwe zapulumuka ukukwera pang'onopang'ono. Chofooka chake n'chakuti image ya diski ya 4 TB imafuna malo a 4 TB, ndipo si chida chopangira backup ya sabata ndi sabata. Koma image yake ndi yosapanikizidwa, mutha kuitsegula ngati diski pa Linux ndi lamulo la losetup n'kutolamo mafayilo ngakhale pena pali zibowo.

Kwa a Windows, Macrium Reflect imatsegula image ngati diski wamba ndipo imalola kuchepetsa partition pobwezeretsa, zomwe Clonezilla sichita. Dziwani chabe kuti mtundu wake waulere unasiya kulandira zokonza kumayambiriro kwa 2024.

Ndiye pali njira yokopera mafayilo osati diski yonse, monga rsync ndi restic. Apa ndi pomwe ndinasamukira ndi deta yanga yaikulu. Ndi rsync, fayilo imodzi ikawonongeka mwataya fayilo imodziyo basi. Ikaduka pakati, mukaiyambitsanso imadumpha zomwe zafika kale. Sifunsa ngati diski yatsopano ndi yaing'ono pang'ono, kaya ndi GPT, kaya ma sector ake ndi otani. Chenjezo lake n'lakuti fayilo ikaipa kugwero, rsync imakopera choipacho pamwamba pa chabwino ngati simusunga makope akale. Apa restic imaiposa, chifukwa imasunga mbiri ya makope, ndipo ndi check --read-data imawerenga deta yonse n'kutsimikiza kuti ndi yabwino. Zonse ziwirizi sizikupatsani kompyuta yoyaka yokha. Windows kapena Linux muyenera kuikanso, kapena kuisunga mwa njira ina.

N'chifukwa chake panopa ndinagawa zinthu pawiri. Partition ya sisitimu ndi yaing'ono, yosakwana 200 GB, ndipo ndimaijambula ndi Clonezilla. Ikakana kubwerera ndimataya ola limodzi, osati usiku. Zithunzi, makanema ndi mafayilo a ntchito zimapita ndi restic ku madiski awiri osiyana. Ddrescue ili pa fulashi m'kabati limodzi ndi Memtest86+. Miyezi itatu iliyonse ndimatenga diski yopanda kanthu n'kubwezeretsapo image ya sisitimuyo, kuiyatsa mpaka nditaona desktop, kenako n'kutsegula mafayilo angapo akale ochokera mu restic. Pulogalamu yolipira ija ndinaichotsa tsiku lomwe ddrescue inamaliza ntchito, ndipo fayilo yake ya 3 TB ndinaifufuta sabata yotsatira.