Auto follow popanda kudzaza ma spam: TrueTwit, Botometer, Circleboom ndi zinazi, zikugwira ndi ziti?

Aliyense amene anatcherapo akaunti yake kuti izifolowa yokha anthu, kaya ndi follow back kaya zija zoti izingotola mafolowa a peji ina, akudziwa zimene zimachitika pakangotha masabata ochepa. TL (timeline, pamene umaonera ma post a anthu amene ukuwafolowa) imadzaza ndi anyamata a forex ovala masuti atatsamira galimoto yoti si yawo, atsikana a zithunzi zakuba amene bio yawo ndi link basi, ndi aja a crypto olonjeza kuti ukaika madola 50 utola 500 pofika Lachisanu. Ndipo poti wawafolowa wekha, khomo la inbox wawatsegulira wekhanso, pa X (ija kale inali Twitter) munthu amene ukumufolowa amakutumizira DM popanda chomutchinga. Chinanso malo ake ndi owerengeka. Pa X ukafika anthu 5,000 amayamba kukuimitsa mpaka nawenso mafolowa ako achuluke, pa Instagram malire ndi 7,500 basi, nde tangoganizani theka la malo amenewo kuwapatsa ma bot, maakaunti oyendetsedwa ndi makina, oti sadzagulako ngakhale sopo mmodzi.

Tisanapite patali, abale, tigwirizane kaye chinthu chimodzi. Kufolowa kwa makina okhaokha, koti iwe uli mtulo akaunti ikugwira ntchito, eni ake a X ndi Instagram anakukana kalekale. Instagress, imene inali dolo pa nkhani imeneyi, inatsekedwa mu 2017. Mu January 2019 Twitter inadula ManageFlitter, Crowdfire ndi Statusbrew chifukwa chomwecho chofolowa ndi kuanifolowa anthu mwaunyinji, kenako mu April chaka chomwecho anatsitsa malire a patsiku kuchoka pa 1,000 kufika pa 400. Nde zida zimene ndikuyerekeza panozi musaziyembekezere kuti zikupatsani chilolezo, zambiri ntchito yake ndi kusefa, batani umadina ndiwe.

Tiyambe ndi TrueTwit poti akale a Twitter amaikumbukabe. Nzeru yake inali yoti munthu akakufolowa, iyo imamutumizira DM yokhala ndi link, akadina amakalemba captcha, tizilembo topotoka tija, kutsimikiza kuti ndi munthu, ndiye iwe uzibweza okhawo amene adutsa. Pongomva zikumveka bwino eti? Koma taganizani mbali ya winayo. Wangofolowa munthu chifukwa wakonda zimene walemba, mphindi yomweyo DM yalowa, ya Chingerezi, ili ndi link yachilendo, ikukuuza kuti dina apa. Kodi spam yeniyeniyo imaoneka bwanji ngati si chomwecho? Anthu enieni ambiri ankangoisiya kapena kuanifolowa pompo, chonsecho wa spam amene ali ndi nthawi captcha amangolemba, alipo mpaka makampani amene amalipira anthu tindalama tochepa kuti azingolemba ma captcha tsiku lonse. Mapeto ake chida chothamangitsa spam chinkathamangitsa makasitomala nkusiya akubawo. Kwa ine iyi ndi yomaliza pa mndandanda, ndipo app iliyonse ya lero imene ikubwera ndi nzeru yomweyi yotumiza DM kwa aliyense wokufolowa muiike pomwepo.

Kenako pali zija zopereka malikisi. Botometer inapangidwa ndi akatswiri a ku Indiana University ku America, unkalemba handle ya munthu iyo nkukupatsa nambala kuyambira 0 mpaka 5, ikakwera ndiye kuti akauntiyo ikuchita ngati makina. Inali yaulere ndipo inkayang'ana zambiri, nthawi imene munthu amaposita, anzake ndi ndani, amalemba motani. Kwa ife olemba Chichewa panali kachinthu kofunika kudziwa, inkapereka malikisi awiri, ena odalira Chingerezi ena osayang'ana chilankhulo, ndipo pa akaunti yolemba Chichewa oyenera kuwakhulupirira anali achiwiriwo. Koma mu 2023 X itayamba kulipiritsa API, khomo limene ma app ena amatengerapo deta ya X, zonse zinaima. Imene ilipo pano, Botometer X, imangowerenga zimene anasunga pofika pakati pa 2023, ndiye akaunti yotsegulidwa mwezi wathawu siidziwa nkomwe, chonsecho ma spam ambiri ndi atsopano omwewo, amatsegula lero mawa atsekedwa atsegulanso ina. Mnzake Bot Sentinel, ya Christopher Bouzy imene inayamba mu 2018, anthu amaisokoneza ndi dzinalo koma iyo mtima wake unali pa ma troll, aja otukwana ndi kuzunza anthu, makamaka pa ndale za ku America. Wa forex waulemu amene amangoti hello dear sinali ntchito yake kwenikweni. Zonse ziwirizi ndi zofufuzira akaunti imodzi imodzi, sizimakufolowera munthu, nde pa funso lathuli zimangothandiza chapatali.

Zimene zikugwiradi ntchito pa X masiku ano ndi za mtundu wa Circleboom ndi Fedica, imene kale inali Tweepsmap. Izi umalowa kudzera pa tsamba la X lenilenilo lopereka chilolezo, pasiwedi suipereka kwa iwo, ndipo ukafuna kuzichotsa umangopita mu settings pa connected apps nkudula. Zimakuyalira anthu onse okufolowa kapena amene ukufuna kuwafolowa, iwe nkuika sefa yako, opanda chithunzi achoke, amene sanaposite kwa nthawi yaitali achoke, amene akufolowa anthu zikwi koma iwo akufolowedwa ndi anthu makumi achoke, otsegula akaunti posachedwa achoke, otsalawo ndi amene umawabwezera. Circleboom ili ndi magulu okonzeratu, a fake kapena spam, ogona, olongolola kwambiri, ndiye munthu woyamba kumene savutika. Fedica mphamvu yake yakhala pa kukuonetsa kumene anthu ako ali, dziko ndi mzinda, ndipo kwa munthu wogulitsa zinthu ku Lilongwe kapena ku Chipata sefa imeneyi imaposa zonse, ngati ukugulitsa nsapato ku Limbe folowa wa ku Texas ukumufuniranji ngakhale atakhala munthu weniweni.

Vuto loyamba ndi ndalama. Zabwinozo zili mu pulani yolipira, mu madola, mwezi ndi mwezi, pa khadi, ndipo mmene nkhani ya forex ilili ku Malawi kuno, kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023, si aliyense amene khadi yake ingadutse kapena amene angaone kuti ndi zanzeru kulipira zimenezo pa peji yogulitsa mawigi. Njira imene ndimaiona yabwino ndi kulipira mwezi umodzi, kusesa zonse, kenako kuletsa isanadzikokere yokha mwezi wotsatira, kumbukirani kuletsako chifukwa sizifunsa.

Vuto lachiwiri ndi limene anthu salikamba ndipo ndi lalikulu. Sefa imeneyi inapangidwa poganizira spam yakale, ija ya chithunzi cha dzira, yopanda bio, dzina la manambala. Koma tayang'anani amene amaoneka choncho kwathu kuno. Ndi azakhali anu amene anatsegula akaunti kuti azingowerenga nkhani, sanaikepo chithunzi, handle yawo ndi ija imene X inawapatsa yokha ya dzina ndi manambala 8 kumapeto, akufolowa anthu 600 iwo akufolowedwa ndi 9, amalowa bandulo ikapezeka ndiye amatha miyezi iwiri ali zii. Pa sefa iliyonse azakhaliwo agwa, chonsecho ndi amene akanagula. Pomwe wa spam wa lero chithunzi ali nacho chokongola, chakuba kapena cha AI, bio yodzaza, amaposita tsiku lililonse, ena amagula maakaunti akale obedwa ndiye ngakhale chaka chotsegulira chimaoneka cha bwinobwino, ndipo chiyambireni kugulitsa blue tick pa madola 8 pamwezi kumapeto kwa 2022 ngakhale tick siikutsimikizanso kanthu. Sefayo ili ngati ukonde wa maso olakwika, ukukola usipa ng'ona ikudutsa. Nchifukwa chake sefa yoti opanda chithunzi achoke ine sindiikhulupirira payokha. Imene imagwira bwino ndi ya mawu a mu bio, forex, crypto, investor, DM for promo, account manager, kuphatikiza ndi dziko, komanso whitelist yoti anthu amene umawadziwa asakhudzidwe zivute zitani.

Ndipo ngakhale sefa itadutsitsa munthu, masekondi khumi a maso ako amaposa zonse. Tsegula akauntiyo, usayang'ane zimene waposita, pita ku ma reply. Ukapeza chiganizo chimodzimodzi chapakidwa pansi pa ma post a anthu makumi awiri osiyana, wina akulengeza maliro iye akuti amazing content check my bio, basi nkhani yatha. Ena afika poyesa Chichewa cha Google Translate, moni wokondedwa wanga muli bwanji lero, munthu wake sunamuonepo kkkk.

Tsopano zija za Instagram zolonjeza mafolowa 1,000 pa sabata, zimene zimakufunsa username ndi pasiwedi mkati mwa app yawo. Izi sindichedwapo. Inde zili ndi ma filter ooneka bwino, dumpha opanda chithunzi, dumpha ofolowa anthu ambiri, koma Instagram siipereka njira yovomerezeka yoti app ina izikufolowera anthu, ndiye iliyonse yochita zimenezi ikulowa ngati iweyo ndi kiyi wako. Kuyambira November 2018 Instagram inanena poyera kuti izichotsa ma like ndi ma follow obwera mwa njira imeneyi. Ukachita mwayi umangolandira action blocked kwa masiku, ukapanda mwayi umadzuka akaunti yako ikufolowa anthu a mayiko oti sunawamvepo, kutanthauza kuti spam ija tsopano ndiwe. PhantomBuster ndi yaukadaulo kuposa izi, anthu a marketing amaigwiritsa ntchito ndipo umatha kuipatsa mndandanda wosefa kale mu spreadsheet, koma nayo imafuna session cookie yako, kakiyi ka mu browser kamene kamailola kulowa ngati iweyo, ndiye ngozi yotsekeredwa akaunti ili pomwepo, kuwonjezera madola.

Chimene ambiri amachidumpha ndi zaulere zimene zili kale mu app. Instagram kuyambira kumapeto kwa 2023 imapatula yokha mafolowa ndi ma request amene ikuwakayikira kuti ndi spam nkuwaika pa mndandanda wawo mkati mwa followers, umatha kuwachotsa onse kamodzi ndipo sauzidwa. Ku following kulinso kagulu ka least interacted with, kothandiza kuona amene unawafolowa mwangozi. Pa X mu notifications muli ma filter oti usamamve za akaunti zatsopano, zopanda chithunzi, kapena zimene sizinatsimikize foni ndi imelo, ndipo remove follower ilipo kuyambira 2021, sukufunikanso kubuloka nkumasula ngati kale. Eni nsanja amaona zimene Circleboom singaone, foni imene munthu akulowera, maakaunti angati atsegulidwa pa foni yomweyo, nde akakayikira iwo nthawi zambiri pamakhala chifukwa. Kuipa kwake ndi koti izi zimasesa pambuyo, sizikusankhira woti umufolowe. Komanso ngati cholinga chako ndi kungowerenga anthu ambiri osati kusaka follow back, ma list a pa X ndi okwanira, list imodzi imalowa anthu mpaka 5,000, utha kuibisa, ndipo munthu wa pa list sunamufolowe ndiye DM yako sanaipeze.

Kumene kufolowa mwaunyinji kuli kololedwa bwinobwino ndi ku Bluesky, nsanja ina yofanana ndi X. Ma starter pack anabwera mu June 2024, munthu amasonkhanitsa maakaunti mpaka 150, iwe umangodina follow all. Wasefa ndi munthu osati makina, nde ubwino wa paketiyo ukutengera amene waipanga, ya mtolankhani amene umamudziwa ndi ina, ya munthu wongofuna manambala ndi inanso. Kulinso ma moderation list oti ukalembetsa umabuloka kapena kutontholetsa gulu lonse kamodzi, zonse zaulere, kungoti list yopangidwa ndi munthu wa mkwiyo imaphatikiza ndi adani ake omwe, ndiye muziyamba mwaisuzumira. Chobweza m'mbuyo ndi choti anthu akwathu kumeneko akadali ochepa, wa geni sangapezeko msika.

Nde ngati muli pa X ndipo akauntiyo imakubweretserani ndalama, Circleboom kapena Fedica kwa mwezi umodzi, Fedica ngati nkhani yanu ndi ya dera, Circleboom ngati mukungofuna kusesa msanga, sefa ya mawu ndi dziko, kudina ndi chala chanu, ndipo musayandikire 400 ija, anthu makumi ochepa patsiku akwana. Ngati muli pa Instagram gwiritsani za mu app momwemo ndipo pasiwedi isatuluke. Amene munaipereka kale kwa ka app kena, sinthani lero lomwe, yatsani two factor, ija yofunsa code yapadera polowa, kenako mulowe mu settings pa apps and websites muchotse chilichonse chimene simukuchikumbuka.