Catalytic converter yotchipa ija, miyezi itadutsa

Alamu anga andifunsa ngati nawonso aike catalytic converter (kachipangizo ka pa ekizozi koyeretsa utsi wa galimoto) yotchipa ngati yomwe ndinaika pa Sienta chaka chatha. Ndikuyankhirani pano, alamu, mwina ena atolapo kanthu.

Poyamba zinali bwino. Inakwana pa ekizozi popanda kuwotcherera kwambiri, kugwedera kunatha, ndipo galimoto inayambanso kukoka pokwera ku Dedza.

Chomwe chandidyera ndalama ndi nyali ya check engine. Itayaka, makaniko analumikiza kompyuta, inatulutsa nambala ya vuto ya P0420, kutanthauza kuti converter sikuyeretsa utsi mokwanira. Anaifufuta, sabata isanathe inabwerera. Tinasintha sensa ya okosijeni ya kumbuyo, nyali osazima. Tinayang'ana mapulagi ndi oyilo, poti injini yodumphadumpha kapena yodya oyilo imapha converter msanga. Zonse zinali bwino. Pano ndikaima pamzere wa magalimoto fungo la mazira owola limalowa ndi m'galimoto momwe, mpaka ana amatsina mphuno.

Gwero lake lili mkati mwa converter. Muli chidothi chowotcha cha timabowo ngati zisa za njuchi, chopakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Zitsulozi zikatentha kufika madigiri 250 mpaka 300 Celsius zimayamba kusandutsa petulo wosapsa ndi carbon monoxide kukhala carbon dioxide ndi madzi. Zotchipazi amangozipaka pang'ono. Zikadali zatsopano zimakwanitsa, koma moto wa tsiku ndi tsiku umaunjikitsa tizitsuloto n'kukhala timibulu, malo okhudzana ndi utsi amachepa, safa wa m'petulo n'kudzamalizitsa. Yochokera kufakitale imapakidwa zochuluka, n'chifukwa chake imapirira zaka.

Nditabwerera kwa amene anandigulitsa, anangoti, "Bwana, ndi petulo wathuyu." Petulo yemweyo converter yakale ija inamwa zaka zingati? Chitsimikizo chinali chapakamwa, pa risiti palibe mawu. Chondiwawa kwambiri n'chakuti yakaleyo anatsala nayo, amvekere tikutayirani, chonsecho ogula zitsulo amailipira bwino chifukwa cha platinum yemweyo.

Masiku ena ndimati bola galimoto ikuyenda. Koma ndikaphatikiza ya sensa, ya kompyuta ndi ya converter yanga yomwe inapita ulele, kutchipa kuja sindikukuonanso. Ngati thumba likukakamizani, alamu, gulani, koma miyezi ya chitsimikizo ailembe pa risiti, ndipo yakaleyo muitenge nokha musanalipire.