Hamala, makina kapena manja: kuveka tayala pa limu ya aluminiyamu osaikanda

Galimoto zambiri zimene tikuyendera muno mu Kasungu, ma Sienta, ma Vitz, ma Note ndi zina zochokera ku Japan, zikumafika ndi malimu a aluminiyamu, aja ambiri timangoti masipoti limu. Ndi okongola, koma aluminiyamu ndi wofewa kuposa chitsulo, ndipo utoto wonyezimira umene amapaka pamwamba pake ndi wopyapyala. Chitsulo chikangoluma mlomo wa limu, chipsera chatsala mpaka kalekale. Ndiye tayala likatha, tipite kwa ndani?

Njira yoyamba ndi imene tinakula nayo: hamala ndi zitsulo ziwiri zotokosera, limu itagonekedwa pansi. Pa limu yachitsulo ya lole kapena minibasi palibe vuto, ikapindika amaiwongola ndi hamala yomweyo. Aluminiyamu salola zimenezo, ukamumenya amang'aluka. Ine ndinazionera pa limu yanga chaka chatha. Mnyamata wina anaigoneka chafufumimba pa miyala, n'kuyamba kumenya tayala kuti lilekane ndi limu. Pochoka pamenepo nkhope yonse inali zikande. Chinandipweteka kwambiri si maonekedwe ayi. Chitsulo chinakumba pamalo pamene tayala limagwira limu, ndipo popeza matayala athuwa alibe chubu, mpweya unayamba kuthawira pomwepo pang'onopang'ono. Masiku atatu alionse ndinali pa kompuresa.

Makina oveka matayala ndiwo ambiri amathamangira, ndipo n'zoona kuti amachotsa hamala pa nkhaniyi. Ali ndi mkono wopanikiza tayala kuti lilekane ndi limu, tebulo lozungulira, komanso mutu wokhala ngati mlomo wa bakha umene umatsogolera tayala. Koma musaganize kuti mukaona makina ndiye mwapulumuka. Mutu uja nthawi zambiri ndi wachitsulo, ndipo umayenera kusiya kampata kakang'ono pakati pa iwo ndi limu. Mmisiri akauika mothinana, kapena timapulasitiki totchinga titatha, makina amalemba mzere kuzungulira limu yonse pa kamphindi kochepa. Zikhadabo zogwirira limu nazo zili ndi mano. Akagwira limu kuchokera mkati, mano aja amasiya mabala. Kugwira kuchokera kunja, zikhadabo zitavekedwa pulasitiki, ndiko koyenera aluminiyamu. Ndikafika pamalo otere ndimayamba ndapempha kuti, "Achimwene, tandionetsani mutu wa makinawo." Wodziwa ntchito sakwiya nazo. Vuto lina la makina ndi lodziwika: magetsi akathima, mudikira.

Pali njira yachitatu imene anthu amaiderera: manja omwewo, zitsulo zomwezo, koma limu itatchingidwa. Mmisiri amayala katoni kapena chitayala chakale pansi, nkhope ya limu osakhudza dothi. Pamene chitsulo chitsamire amavekapo kapulasitiki, kogula kapena kodula pa chigubu chakale, ngakhale kachidutswa ka payipi yothirira madzi kong'ambidwa m'litali. Chinsinsi chake chili pa ngalande ya pakati pa limu. Mbali imodzi ya tayala ikakankhidwira mu ngalandemo ndi bondo, mbali inayo imapeza mpata n'kukwera mosavuta. Mukaona munthu akulimbana ndi chitsulo mpaka thukuta, dziwani kuti tayala silinalowe mu ngalande, ndipo chimene chivulale ndi limu kapena waya wa mu mlomo wa tayala.

Kwa ine, tayala lalitali m'mbali ngati 175/65R14 kapena 185/65R15 mmisiri wofatsa wa manja amaliveka bwinobwino, mwinanso kuposa makina osasamalidwa. Koma tayala lopyapyala m'mbali ngati 215/45R17 ndi louma, silipindika, ndipo pamenepo manja amagonja. Limenelo lifunika makina abwino, ngakhale zitatengera ulendo wa ku Lilongwe.

Kulikonse kumene mwasankha, onetsetsani chimene akupaka pa mlomo wa tayala. Phala lake lenileni kapena madzi a sopo n'zabwino. Oyilo wakuda wa mu injini, amene ena amakonda chifukwa ali pafupi, amawononga labala ndipo sauma, moti tayala limatha kuterereka pa limu. Kukhazika tayala pothira petulo n'kuyatsa moto musalole n'komwe, anthu amavulala nako. Popopa kuti tayala likhale m'malo mwake, mpweya usapitirire 40 psi. Likakana, aphwetse, apakenso sopo. Ngati galimoto yanu ili ndi kachipangizo koyeza mpweya kumbuyo kwa valavu, muwauziretu, chifukwa chitsulo chimakathyola mosavuta.

Pobalansa, pemphani timiyala tomata mkati mwa limu, osati tokhomera pa mlomo ndi hamala. Pobwezera tayala pa galimoto, manati ayambidwe ndi dzanja, amangidwe modumphanadumphana, ndipo pasakhale kupondera sipanala ndi phazi. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za Toyota zimafuna kuti manati amangidwe kufika pa 103 Nm basi, umene ndi muyeso wa mphamvu yomangira manati. Mukayenda makilomita 50 kapena kuposerapo pang'ono, ayeseninso manatiwo.